Bambo a chibwenzi changa anditumizira vesiti yosita

Aphungu,

Mutu wanga waima, ndithandizeni. Ndine telala, ndipo ndili m'kalabu ya okwera njinga zamoto. Amene anayambitsa kalabuyi ndi bambo a mtsikana amene ndikufuna kumukwatira. Ndi makanika wopuma pantchito, tonse timangowatchula kuti Madala.

Loweruka lina tinapita kokayenda kumidzi, njinga 19. Lamulo lathu ndi ili: tikafika pamphambano, wotsogolera amaloza munthu mmodzi kuti aime pamenepo, azionetsa anzake njira. Munthuyo sachoka mpaka atafika womaliza, yemwe amavala vesiti yaolenji. Tsikulo womaliza ndinali ine, koyamba.

Pamlatho wina tinaima kuti tijambulitse. Ndinali ndi jekete yachikopa yosoka ndekha, ndiye vesiti ija ndinaivula n'kuiponya m'chikwama kuti jekete ioneke. Basi, ndinaiwala kuivalanso.

Pamphambano yachitatu, pakati pa minda, panaima Madala. Ndinaliza hutala, iwo anandiloza njira, ine n'kudutsa. Ndinkaganiza kuti akubwera m'mbuyomu. Titafika kodyera, wotsogolera anawerenga njinga, zinapezeka 18. Foni ya Madala sinkapezeka, kumeneko kulibe netiweki. Ine ndinachita mantha n'kutsala kodyerako, moti amene anabwerera kukawatenga ndi wotsogolerayo. Akuti anawapeza atakhala pamwala, dzuwa likuswa mtengo, patatha maola atatu. Anangoti, "Ndikudikira womaliza."

Chondisokoneza n'chakuti sanakalipe. Ndinawatumizira uthenga wopepesa pafoni, anayankha kuti, "Palibe vuto." Ndikapita kwawo amandilonjera bwinobwino. Koma mwana wawo akafunsa za tsiku loti akuluakulu akumane pa nkhani yathu, amati, "Tidikire kaye, womaliza sanafike." Sabata yatha anakatenga vesiti ija kwa wotsogolera, anaichapa, anaisita okha, n'kunditumizira popanda mawu alionse.

Kodi akundinyoza? Akundithamangitsa m'kalabu, kapena andikhululukira? Njinga yanga amaidziwa, anaikonzapo kawiri, ndiye sanandizindikire bwanji? Chibwenzi changa chikuti nachonso sichikumvetsa, ndipo chayamba kutopa. Ndikuopa kumutaya mtsikanayu chifukwa cha kansalu kopanda ndi manja omwe.

W. K., wosoka zovala


A telala,

Pepani, koma ndaseka kaye pang'ono. Munthu wosoka malaya, ukwati kumuvuta chifukwa cha vesiti.

Tiyambe ndi funso lanu. Anakuzindikirani. Makanika amadziwa njinga ndi kulira kwake isanatulukire n'komwe. Koma lamulo lanu silinena kuti adikire nkhope yanu, limati adikire vesiti. Bwanji kukanakhala kuti m'mbuyo mwatsala wina amene tayala laphwa? Akanachoka, ameneyo akanasochera. Iwo anagwira ntchito yawo. Amene sanagwire yake mukumudziwa.

Kuiwala vesiti n'kwachibwana chabe, aliyense amaiwala. Chimene chikuwawawa, mmene ndikuonera ine, n'chakuti zitadziwika munatsala kodyera, wina n'kukawatenga. Womaliza ndiye woonetsetsa kuti palibe watsala panjira. Tsono bambo amene akufuna kukupatsani mwana wake akudzifunsa kuti, zikadzavuta, mnyamatayu adzabwerera yekha kapena adzatuma anzake? Inu n'kuwayankha ndi uthenga wa pafoni.

Sakukuthamangitsani. Munthu sawononga sopo ndi nthawi kusitira zovala munthu amene wamutaya.

Chitani izi. Mupite kwawo masana, panjinga, nokha. Mtsikanayo musamutume, si mthenga wanu, ndipo mumuuze zoona zonse asanatope zenizeni. Mukafika munene molunjika kuti munavula vesiti pofuna kutchena, ndipo munachita mantha kubwerera. Za netiweki musazitchule. Za ukwati musayambitse tsiku limenelo. Kenako mupemphe wotsogolera kuti paulendo wotsatira mukhalenso womaliza, ndipo pamphambano iliyonse muziima, mapazi pansi, mpaka woimayo atakwera n'kunyamuka patsogolo panu.

Chenjezo langa ndi lakuti musachedwe, ndipo jekete yokongola ija muisiye pakhomo. Vesitiyo sanakutumizireni kuti muisunge m'kabati. Muivale musanalowe pageti pawo. Madalawo akadali pamphambano paja, pitani mukawachotse.

Aphungu