Mpaka Alinane Atsike Phiri

Lachitatu

Dorcas 12:14
mukuka wadzuka? kuno ku bolton ndi masana, kwanu ku peru ndiye kukucha kumene. uwerenge uli wekha, alinane asakhale pafupi

Mukuka 12:29
nauka ba dorcas. tili pa breakfast, bus ya tour ifika manje manje. alinane ali na munzathu stella pa table. nichani?

Dorcas 12:30
pita ku toilet kaye

Mukuka 12:33
nafika

Dorcas 12:36
a enock atisiya mmawa uno. anagwa pa bus stop akuchokera ku night shift. akuti ndi mtima. a ambulance anayesetsa koma zinakanika. mkazi wawo uli nayeyo sakudziwa kanthu

Mukuka 12:36
[kuyimba kosayankhidwa]

Dorcas 12:37
usayimbe, akumva ukulira

Mukuka 12:39
awe ba dorcas. dzulo chabe anali pa video call kutiseka ati mu ma poncho ya ubweya tioneka monga nkhosa

Dorcas 12:44
takhala pansi ndi abusa. uthenga wa maliro sauza munthu ali chiimire panjira. bp ya alinane ukuidziwa, ndiye kumapiri komwe mpweya ndi wochepako. ndege yoyamba ndi ya mawa, a james a kumpingo akukufufuzirani malo. mukabwerera ku hotel adye, akhale pansi, inu awiri mumukhale mbali ndi mbali, abusa ayimbe

Mukuka 12:45
tichite cancel tour?

Dorcas 12:45
akafunsa chifukwa uyankha chiyani? pitani. vuto ndi foni. abale a enock ku ntcheu ayamba kale kuika chithunzi chawo pa status

Mukuka 12:47
alibe data. amadalira hotspot yanga

Dorcas 12:47
tseka

Mukuka 12:48
nizamuuza ati bundle yasila. munichititsa boza ba dorcas, ine wa ku choir

Dorcas 12:49
bodzalo likhale pamutu panga. samba kumaso usanatuluke

Mukuka 15:52
tili ku pisac. stella namuuza mu bus. wavala ma shades, ati dzuwa

Mukuka 15:55
guide ni mdala wabwino, amatiyembekeza tikapuma. watilangiza phiri lili na mabowo mabowo, ati ni manda ya ma inca, anthu akale ba kuno. ati akufa awo sanali kuwataya kutali, anali kuwayendera, kuwapatsa chakudya na kuwauza nkhani za panyumba. alinane ati basi enock akazafa azamuika pa sofa na remote, sazaona na kusiyana. group yonse kuseka

Mukuka 15:56
naseka naine ba dorcas

Dorcas 16:20
Mulungu akuona mtima wako. ndinapita kukatenga mwana wawo ufulu ku sukulu. ndamuuza ufulu kuti lero agona kwathu. wangoti is daddy working again. ndati idya kaye. mayi ake ndiwo oyamba kumva, mwana pambuyo

Dorcas 16:23
kuchipatala ndinapeza mayi wina wachizungu, wokalamba ndithu. ndi amene anali pa bus stop. anawafunditsa jekete lake a enock, anawagwira dzanja mpaka ambulance kufika. kenako anakwera bus kuwatsatira kuti amve ngati ali bwino. dzina sindinafunse. ndalakwa pamenepo

Mukuka 16:41
alinane wagula chisote cha ubweya chokwirira makutu. ati mwamuna wake amadandaula mphepo ya pa bus stop. ananifunsa color. nasankha ya brown

Mukuka 18:10
lunch. pali wifi, password ili pa chipupa. stella watenga phone ya alinane ati camera yake ndiye yabwino, wapita nayo panja kujambula ma llama, nyama za kuno. stella sanadye

Dorcas 18:12
alinane wadya?

Mukuka 18:13
mbale yonse. supu ya chimanga. ati sanapumepo chonchi kuyambira anabwera ku uk. ati zaka zonse izi ni kusambika nkhalamba na kuthamangira bus, lelo ndiye waona ati dziko ni likulu

Dorcas 18:15
msiye adye

Mukuka 18:37
[uthenga wa mawu 0:48]

Dorcas 18:42
ndamva. usalire pafupi ndi bus. palibe cholakwa wachita, ukanakana akanadabwa

Mukuka 18:43
alinane anaimilira kutsogolo kwa phiri, ati jambula video nimupatse moni bambo a ufulu. ati uone zimene wakana, waulesi iwe, chaka cha mawa nikukoka. anaimilira pa phewa langa mpaka natumiza. naiwala ati nakamba kuti nilibe data. nati yabwerako pangono, yapitanso

Dorcas 18:46
yafika. foni yawo ili pano mu pulasitiki imene andipatsa kuchipatala, pamodzi ndi makiyi ndi lunch box. inalira ndili kukhitchini. ufulu anati thats daddys phone. ndati anaiwala

Dorcas 18:47
ine amene ndimaphunzitsa ana kuti bodza ndi tchimo

Mukuka 19:05
afunsa ngati wayankha. nati mwina agona. ati inde akachoka ku night amagona monga wakufa

Mukuka 19:06
sinizakwanisa ba dorcas

Dorcas 19:09
kwatsala malo angati?

Mukuka 19:10
amodzi. ollantaytambo. then bus kubwerera ku hotel ku cusco

Dorcas 19:11
pirira mwana wanga. amayi a mpingo afika, akhala pansi pa carpet. tikuimba motsitsa chifukwa cha mwana ndi ma neighbour. tikukutchulani maina atatu nonse

Dorcas 19:34
mlamu wa alinane wandiyimbira kuchokera ku ntcheu, akuti bwanji mkazi sakuyankha, mwamuna wafa iye ali kokayenda. ndamupempha achotse status. wakana, akuti mchimwene ndi wake

Mukuka 20:21
takwera. ma step ni ambiri, yoima, palibe pogwira. alinane ndiye anali patsogolo. pamwamba pali miyala ikulu kupambana bus, yogundana bwino ngakhale nsingano singalowe. guide ati inachokera ku phiri la kutsidya kwa mtsinje. ina anaisiya panjira, siinafike. ati amaitcha miyala yotopa

Dorcas 20:24
amwe madzi. potsika umugwire

Mukuka 20:38
ba dorcas

Mukuka 20:38
guide wamupatsa alinane hotspot

Mukuka 20:39
nenze kumanga nsapato sinaone. anamuuza ati afuna kulankhula na mwamuna wake, mdala anamvera chifundo. phone ilira osaleka

Dorcas 20:39
mulande

Dorcas 20:40
mukuka mulande foniyo

Dorcas 20:42
mukuka

Dorcas 20:47
Ambuye

Mukuka 20:53
amayi ndine alinane. ndatenga foni ya mukuka

Mukuka 20:54
yanga yadzaza pepani pepani. sindinatsegule uthenga ngakhale umodzi. ndangoona chithunzi cha enock, cha pa ukwati wathu, ine andidulapo. ayikapo kandulo

Mukuka 20:55
za pamwambazi sindiwerenga. stella akulira, mukuka sakundiyang'ana

Dorcas 20:56
mwana wanga uli pati? choka m'mphepete

Mukuka 20:56
ndakhala pa mwala. ufulu ali kuti?

Dorcas 20:57
ali ndi ine. wadya, wasamba

Mukuka 20:58
zikomo amayi

Mukuka 20:59
za pa status ine ayi. musandilemberenso. mundiuze inuyo ndi pakamwa panu

Dorcas 20:59
[kuyimba kwalephera]

Dorcas 21:00
[kuyimba kwalephera]

Dorcas 21:01
ikungodula. anzakowo akugwire manja, ndikuyesanso

Mukuka 21:02
ndikudikira

Dorcas 21:02
[kuyimba kwalephera]

Dorcas 21:05
[uthenga wa mawu 0:12, sunafike]