Kompyuta ya a Mawamawa Itasiya Kulankhula

Lachitatu, 14 Okutobala

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kuti Ambuye akukusungani, ndiponso kuti bondo lija lasiya kukusautsani. Ine m'thupi ndili bwino, koma mtima sukukhazikika. Pa foni ndimalephera kunena, chifukwa mumayamba ndinu kufunsa ngati ndadya, nkhani n'kuthera pomwepo. Ndiye ndati ndilembe.

Mukudziwa kuti ndimayankha mafoni pa kampani imene anthu amaitanitsako mankhwala pa intaneti. Kuti munthu afike pa tsamba lathu amadzera pa pulogalamu ina imene timati bulawuza, ili ngati chitseko cholowera. Ena zitseko zawo n'zakale kwambiri, eni ake amene anazipanga anasiya kuzikonza, ndipo akuba amalowerapo mosavuta. Bwana analamula kuti mwezi uno ukatha, tsamba lathu lisamatsegukenso pa bulawuza yakale. Anatipatsa ndi mawu oti tiziuza aliyense: "Ikani yatsopano, ndi yaulere, palibe chimene chisinthe." Ndawanena mawuwa mpaka mnzanga wa tebulo loyandikana akuti tsiku lina ndidzawanena podalitsa chakudya.

Pali bambo ena amene ku ofesi timawatcha a Mawamawa, chifukwa tikawauza zosintha amangoti, "Mawa, mwana wanga, mawa." Saona, komanso ali ndi matenda a shuga. Kale ankalumikiza mafoni pa ofesi ina yaikulu, ndiye akaimba amayamba n'kundidzudzula: "Foni yalira mpaka kusasa mawu. Nthawi yathu ija ukanalongedza lero lomwe." Kompyuta yawo imalankhula. Imawawerengera zonse zolembedwa pa galasi, iwo n'kumadina mabatani ndi zala zimene zinaloweza kalekale.

Kumayambiriro kwa mwezi anaimba ine nditatopa, bwana ataima kumbuyo kwanga. Ndinati, "Bambo, mawa lija latha. Tichite lero, ndikutsogolerani."

Iwo anati, "Amene anandiikira makinawa anandiuza kuti batani limenelo ndisamalikhudze."

Ine ndi mawu anga aja: "Palibe chimene chisinthe."

Amayi, sindinafunse n'komwe kuti pulogalamu yolankhulayo ndi ya liti. Anadina, tinadikira, anatsegula tsamba. Chete. Kenako ndinamva akuti, "Mwana wanga, mnzanga uja sakuyankha." Ndiye kuti mawu akalewo ankamvana ndi bulawuza yakale yokha. Tsamba linatseguka bwinobwino, lokongola, pamaso pa munthu amene sangalione.

Malamulo satilola kupita kunyumba kwa makasitomala. Ine ndinapita Loweruka, tsiku limene timaphunzira nyimbo ku tchalitchi, ndipo mkulu wa kwaya ndinamuuza kuti mutu ukundiwawa. Mukuona mmene tchimo limaitanira linzake.

Amakhala m'chipinda chimodzi kuseri kwa malo omatira matayala. Chilichonse chili ndi pake: kapu kudzanja lamanja, ndodo kuseri kwa chitseko, kompyuta itafundidwa nsalu yoyera. Pa mabatani ena anadonthezapo guluu kuti zala zizizindikira. Babu linapsa kale, ndipo nditafunsa anaseka: "A landilodi amafuna kusintha, ndinawauza kuti mawa." Nditasuntha mpando anamva msanga. "Bwezera pomwe unali. Ndingathyoke mwendo, uwonjezere mlandu."

Ndinayesa kubwezera zakale, zinakanika. Ndinawaikira pulogalamu yolankhula yatsopano. Imagwira ntchito ndithu, koma mabatani ake ndi ena, ndipo imayankhula ngati munthu wothamangira basi. Anamvetsera nthawi yaitali n'kunena kuti, "Uyu ndi mlendo. Akulankhula ngati akundithawa."

Pofuna kudzipeputsa ndinati, "Bambo, musavutike. Mankhwala ndizikuitanitsirani ine ku ofesi, ndi ntchito ya kamphindi."

Nkhope inasintha. Anati, "Makalata amandiwerengera mphwanga. Malaya amandisankhira akazi a landilodi. Pamsewu amandiwolotsa aliyense amene wandimvera chisoni. Chimene ndimachita ndekha, popanda kunena zikomo kwa munthu, ndi chimenechi. Wandilanda mnzanga, usandilandenso manja." Anandiuza kuti ndilonjeze, ndipo ndinalonjeza, dzanja langa lili pa Baibulo lawo la timadontho towerenga ndi zala.

Tinaphunzira mpaka madzulo. Loweruka lotsatira chimodzimodzi, ku kwaya osapitanso. Ponditulutsa anandiuza kuti mankhwala amene ali nawo atha Lamlungu likubwerali.

Lolemba lonse ndinali ngati ndakhalira nyerere. Ndikatsitsa foni ndimayang'ana ngati aitanitsa, palibe. Tiyi anazizira pa tebulo. Kasitomala wina ndinamutchula bambo ali mayi. Dzulo m'mawa dzina lawo linaoneka. Amayi, zonse analemba molondola, mankhwala ake, mlingo wake, kumene amakhala, popanda cholakwa. Koma zinali zitaima panjira. Pa tsamba latsopano pali batani lomaliza lotsimikizira, lili m'munsi mwenimweni, ndipo mawu atsopanowo salitchula pokhapokha munthu atatsikirako. Ine sindinawaphunzitse. Ndinaiwala, chifukwa maso anga amaliona okha.

Zimene sizinatsimikizidwe pofika masana a Lachiwiri sizikwera galimoto yokapereka mankhwala ya sabata imeneyo. Ndinawaimbira, foni inali yozima. Ndinaimbanso. Ndinapita kubafa kukapemphera, ndinabwerako osamva yankho lililonse. Ndinayenda m'khonde, ndinakhala, ndinaimiriranso, mpaka mnzanga uja anati, "Iwe, mpandowo uli ndi minga?" Ndinkaganiza za dzanja langa pa Baibulo, ndinkaganizanso za munthu wa shuga wopanda mankhwala, ali yekha m'chipinda chija.

Ndinadina, Amayi.

Chakumadzulo anaimba. Sanadandaule n'komwe za kulira kwa foni. Anati, "Uthenga wafika, akuti mankhwala akubwera! Ndatha ndekha, mwana wanga, ine ndi mlendo uja. Ukawauze anzako kuti a Mawamawa asanduka a Lero." Ndiye kuti dzina lija ankalidziwa nthawi yonseyi. Ankaseka ngati mwana. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene zoona, koma chimene chinatuluka n'chakuti, "Mwakhoza, bambo."

Munandilera kuti bodza ndi bodza, lilibe laling'ono. Nanga ili ndilitani? Loweruka ndiyenera kupitanso kukawaonetsa batani lija, apo ayi mwezi wamawa zidzaimanso panjira, ndipo mwina tsiku limenelo ine sindidzakhala pa tebulo. Koma ndi munthu wochenjera. Zala zikakangolikhudza adzafunsa kuti, "Nanga Lachiwiri zinadutsa bwanji?" Ndayesa mayankho osiyanasiyana m'basi, pochapa, ngakhale pakati pa pemphero, palibe limene ndingalinene nditawayang'ana, ngakhale iwo sandiona. Ndikanena zoona ndiwalanda chimwemwe chimene ndinamva pa foni. Ndikabisa ndiye kuti ndawasandutsa mwana wonamizidwa, chinthu chimene amadana nacho kuposa khungu lomwe.

Musandiyankhe pa foni, ndingalire anthu akuona. Mundilembere, kapena mungondipempherera Loweruka m'mawa, kuti ndikafike pakhomo paja ndisabwerere panjira.

Mupereke moni kwa Atate, muwauze kuti jekete lawo ndinalipeza, ndibwera nalo. Moni kwa achimwene ndi alamu, ndi kwa ana onse. Azakhali muwauze kuti sindinawaiwale.

A Mawamawa nawonso akupereka moni. Asanadule foni dzulo anafunsa ngati muli moyo, ndipo nditavomera anati ndikuuzeni kuti munalera mwana woona mtima. Ndalemba monga ananenera.

Ndine mwana wanu woyamba,
amene akusowa mtendere.