Nsapato za Ida

Lachiwiri, 18 Febuluwale

Mwendo ndabwera nawo! Chaka chonse chatha ndakhala ndikudumphira pa ndodo, chidulireni wakumanjawu pansi pa bondo chifukwa cha shuga. Lero ndalowa m'George, komboni yathu ya kuno ku Lusaka, ndi miyendo iwiri, ndodo zili zongothandizira. Ana a pa kiyosiki ya madzi anasiya zigubu n'kumanditsatira ngati ndine mkwatibwi.

Waupanga ndi Pumulo, mtsikana wa pa sukulu yophunzitsa kupanga miyendo. Kamtsikana kowonda, kolankhula motsitsa. Ndine mayeso ake, akuti. Chilichonse chomwe amachita, mphunzitsi wake Ba Kalumba amakhala ataima kumbuyo, manja m'thumba, osaseka.

Chinthu chimodzi chokha. Anandiuza kuti ndibwere ndi nsapato zomwe ndimavala masiku onse. Nsapato ziti? Zakumanja zonse ndinapatsa mayi wa ku Chawama amene tinagona naye muwodi, iye anadulidwa wakumanzere. Tinagawana ngati nyama. Ndiye ndinabwereka za mlamu wanga Ida, zakuda zakutchalitchi, za chidendene. Pumulo anafunsa, “Ba mami, izi ndiye zamene muvala masiku onse?” Ndinati ee. Ndikanati chiyani pamaso pa ana asukulu onse aja? Anandiyendetsa uku ndi uku, akumanga tizitsulo ta pa kakolo, mpaka Ba Kalumba anagwedeza mutu.

Lachinayi, 20 Febuluwale

Kwabwera Ba Chalwe, mkulu wa azimayi a pamsika wathu. Sanakhale n'komwe pansi. Akuti komiti yatopa ndi tebulo la mayina awiri. Tebulo langa la vitumbuwa, lomwe Ida wakhala akundigwirira chilowereni ine m'chipatala.

“Ba Ketty, pa Mande ya pa 3 tizabwela kuona. Ngati mwaimilila mweka, manja onse yabili pa poto, tebulo ni yanu. Ngati mukali pa ndodo, tizalemba Ida. Mafuta ya saladi yakupya na ndodo siviyendelana.”

Ndinawaonetsa mwendo. Anaugogoda ndi chala ngati akugula mphika, n'kumapita.

Tebulo limenelo ndinalipeza Ida asanadziwe n'komwe kuti ku Lusaka kuli mchimwene wanga Dyton woti n'kumukwatira. Poto ndi wanga, mbaula ndi yanga, makasitomala ndi anga.

Lachisanu, 21 Febuluwale

Ndayenda kufika pa kiyosiki ndi ndodo imodzi yokha. Chitsa chikuwotcha koma palibe chilonda, ndachiyang'ana pagalasi monga anandiuzira Pumulo.

Masana Ida anatulukira. Anayamikira mwendo, anayamikira Mulungu, kenako maso pansi. “Amulamu, nifunako nsapato zanga. Mailo kuli kicheni pate ku Matero.” Ndinavula. Ndi zake, ndikanatani? Phwando la mkwatibwilo ndi la mawa, ndiye anati abweza Lamulungu tikaweruka kutchalitchi.

Lamulungu, 23 Febuluwale

Sanabweze. Kutchalitchi sindinapite.

Mayi woyandikana nafe amagulitsa salaula, zovala zakaunjika zija, wandipatsa nsapato zansalu zosalala pansi. Ndinavala mokondwa. Kungoima, mwendo unandikankhira bondo kumbuyo. Kuponda kamodzi, ngati ndikukwera chulu m'nyumba mwanga momwe. Kuponda kachiwiri ndinapezeka ndakhala pansi, beseni la madzi lili pamiyendo. Ndinatukwana mawu omwe bambo anga, mkulu wa mpingo wochokera ku Dedza, akanadzuka nawo m'manda.

Mwendo wawonongeka bwanji usanathe n'komwe sabata? Kamtsikana kaja kandiphunzirira ntchito pathupi.

Lachiwiri, 25 Febuluwale

Mabasi awiri, matope, kondakitala wofuna kulipiritsa ndodo ngati munthu. Ndinafika ku sukulu kuja nditakonzeka kulalata.

Pumulo anangoyang'ana kumapazi, nkhope n'kugwa. “Ba mami, nanga zija zakuda?” Anandiimika pakati pa zitsulo zogwirira, n'kulowetsa kathabwa pansi pa zidendene zanga. Basi, mwendo n'kuwongoka pomwepo ngati palibe chinachitika. Anachotsa kathabwa, chulu chija n'kubwerera. Akuti phazi la mwendo wopanga silipindika lokha ngati la Mulungu. Analimanga molingana ndi chidendene cha nsapato ija, chotalika zala ziwiri. Ukasintha nsapato, wasintha mwendo wonse.

Manyazi anapha lambe. Ndinamuuza kuti zinali zobwereka. Sanandiseke, ndipo zimenezo zinandipweteka koposa.

Ndinati chabwino, masula tizitsulo tako, ukonze. Ntchito yake ndi yochepa, anavomera yekha. Kasipanala kake kanali pa tebulo pomwepo, ndimakaona ndi maso angawa. Koma Ba Kalumba apita kumidzi ya kumadzulo kukayeza anthu, abwera pakati pa Malichi, ndipo wina amene amasaina ali pa maliro. “Sitiloledwa kugwila mwendo wa munthu ngati aticha kulibe. Nikagwila, bazanichosa sukulu. Elo mukagwa, nizakamba chani?” Ndinamuuza za tebulo. Misozi inalengeza m'maso mwake, koma kasipanala sanakagwire.

Ndinamukalipira kuti sukulu yawo ndi yophunzitsa kudikira. Ena onse anasiya kupala pulasitala n'kumandiyang'ana. Anandiperekezabe mpaka pa geti atandinyamulira chikwama, n'kundiuza kuti ndipeze nsapato iliyonse ya chidendene chofanana, bola ikhale yogwira phazi.

Lachitatu, 26 Febuluwale

Ndaika makatoni mkati mwa zansalu zija. Phazi likungovuka.

Lachinayi, 27 Febuluwale

Wosoka nsapato wa pa sitesheni wamata zidutswa za tayala kunsi. Zamatuka pa chithaphwi choyamba. Akuti vuto ndi mvula. Mvula ya m'George anaiyamba ndine?

Pa salaula napo ndavundula milu mpaka msana kuuma. Za chidendene zilipo, koma ndi za atsikana, zosongoka ngati msomali, kapena zazing'ono. Phazi langa ndi la bambo anga, lalikulu. M'banja monse wofanana nane phazi ndi Ida yekha. Nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka, ndaziona.

Lachisanu, 28 Febuluwale

Ndapita ndekha kwa Dyton. Ida kunalibe, anali ku tebulo. Dyton ndinamupeza atakhala pakhomo masanasana, ndiye ndadziwa lero kuti ntchito yake ya ulonda inatha Khirisimasi isanafike. Palibe anandiuza. Ndinamufunsa za nsapato, iye n'kumakanda m'mutu. “Asisi, nkhani za bazimai ine siningalowemo.” Mwana amene ndinamubereka kumbuyo ine, lero sangalowemo!

Ndikutuluka ndinaona ana ake akudya vitumbuwa vogona ndi madzi a shuga. Ndinayang'ana kumbali. Sindinadzere zimenezo.

Ida akudziwa. Ndinamuuza Dyton zonse za chidendene, ndipo Dyton sasunga kanthu. Chaka chonse Ida amandibweretsera kangachepe Loweruka lililonse, ine n'kumati mlamu wanga ndi mngelo. Kani amayeza tebulo langa ngati likumukwana.

Lamulungu, 2 Malichi

Ndamuona Ida kutchalitchi. Wavala zomwezo. Pa nthawi ya moni anapita mzere wina.

Pobwerera ndinapempha matabwa a bokosi la matimati kwa Ba Rodgers a pa kona. Ndawayeza ndi zala. Awiri ophatikiza akukwana zala ziwiri za chidendene chija.

Lolemba, 3 Malichi

Ndinafika pamsika ndi ndodo ziwiri, mwendo ndikuukoka, matabwa ali m'chitenje kumsana ngati mwana. Ida anali atayatsa kale mbaula. Nsapato zakuda zili kuphazi. M'matope a msika, nsapato zakutchalitchi! Azimayi a tomato anayamba kugwedezana.

Ba Chalwe anabwera ndi anzawo awiri a komiti. “Ba Ketty, tiyeni tione.”

Ndinamuuza Ida asunthe. Anasuntha pang'ono. Ndinayala matabwa kuseri kwa tebulo, ndinaponda zidendene zonse ziwiri pamwamba pake, zala zili pansi. Bondo linabwerera m'malo. Ndinapereka ndodo kwa Ba Chalwe eni akewo. Ndinatapa ufa wokanda ndi dzanja ili, chipande ku dzanja linalo, n'kuyamba kuponya m'mafuta. Manja sanaiwale. Vinatupa bwinobwino, ndinavitembenuza, ndinavivuula.

Wina wa komiti anati nanga akafuna kusuntha? Ba Chalwe anati, “Tinakamba kuimilila. Baimilila.” Azimayi anaimba nthungululu. Ine ndinatembenuza khosi kuti ndimuone bwino mlamu wanga, mawu ndinali nditawakonza kuyambira Lachisanu.

Sanandipatse mpata. Anamasula epuloni n'kuipinda. “Amulamu, nanga ine bana nizabapasa chani?” Sanakweze mawu. Ndinayembekeza kuti akana, kapena anamizira kuiwala, kuti ndimutsuke pamaso pa anthu. Koma anangofunsa zimenezo basi.

Kenako anawerama, anavula nsapato, anazipukuta matope ndi nsonga ya chitenje, n'kuziika pansi pafupi ndi phazi langa lopangali. Anadutsa pakati pa matebulo opanda kanthu kuphazi. Nthungululu zinazima zokha.

Ndinafuna kumuthamangira. Ndinaiwala kuti kuchoka pa matabwa sindingathe, ndipo ndodo zinali zidakali m'manja mwa Ba Chalwe. Ndinangoitana, “Ida! Iwe Ida!” Sanacheuke, ndipo mafuta anayamba kufuka.