Dzanja la Apongozi

Tukuyu,
Lachiwiri masana

Okondedwa achimwene Ambokile,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino kumeneko ku Mwanza. Alamu anga adzuka bwanji? Nanga ana, sukulu ikuyenda? Ntchito ya kuchipatala ikukupatsani mpata wopuma, kapena mukudyabe choimirira monga mwa masiku onse?

Kuno mvula siikuleka, nthochi zambiri zagwa ndi mphepo. Mwana wanga Sekela ali bwino, pakamwa pake sipatseka ngati wailesi. Bambo ake, a Lugano, mwendo uja ukupola pang'onopang'ono, tsopano akufika pamsewu ndi ndodo. Ine thupi lili bwino, koma mtima ayi.

Pa foni sindikanatha kuzinena. Pamalo pamene tikuchita lendi pano, munthu ukangoti "halo", oyandikana nawo onse amasiya kusesa. N'chifukwa chake ndapereka kalatayi kwa kondakitala wa basi. Muiwerenge muli nokha.

Mukudziwa kuti chichitikireni ngozi ya njinga yamoto ya a Lugano ija, ndakhala ndikuzungulira m'maofesi ndi envelopu ya masatifiketi. Envelopuyo yafika pofewa ngati nsanza. Ku Mbeya ndinakhala pabenchi m'mawa wonse ndi atsikana odzaza khonde, onse onunkhira kuposa ine. Nditalowa anandifunsa kuti ndikudziona ndili kuti zaka zikubwerazi. Ndinati kwathu, Mulungu akalola. Anaseka mpaka wina kupukuta misozi.

Kwina ndinagwada popereka moni, mafunso onse ndinayankha nditayang'ana pansi. Mayi amene ankafunsayo anandiuza mosabisa kuti iwo akufuna mlembi, osati mkazi woti akaonetse kwa azakhali awo.

Tsiku limenelo ndinakuimbirani ndikulira. Mukukumbuka zimene munandiuza? Munati, "Tusa, ku ofesi si ku chinkhoswe. Ukalowa usagwade. Ugwire dzanja la aliyense mwamphamvu, uwayang'ane m'maso mpaka iwo ayambe kuphethira." Ndinamvera, achimwene. Ndinayeserera pagalasi, ndinayeserera pa a Lugano, mpaka anandifunsa kuti kodi ndikufuna ntchito kapena ndewu.

Ndiye sabata yatha anandiitana ku ofesi ya bungwe la alimi a khofi kuno ku Tukuyu. Ankafuna kalaliki. Ndinabwereka jekete, tsitsi ndinakonzetsa, chitenje ndinachisiya kunyumba kuti ndisaoneke wakumudzi. Ndinkadziwa kuti apongozi anga aamuna amagulitsa khofi wawo kumeneko, koma ndani wa kumapiri kuno sagulitsako? Zoti anasankhidwa kulowa mu komiti, ndi zoti a komiti amakhala nawo pofunsa anthu ntchito, palibe anandiuza.

Inu mwakhalitsa kutali, mwina mwayamba kuiwala mmene mwambo wathu umagwirira kubanja limene ndinakwatiwako. Kumeneko sanaufewetse ngakhale pang'ono. Chikwatiwireni, nkhope ya apongozi anga aamuna sindinaionepo. Dzina lawo silinatulukepo pakamwa panga, ndipo ngakhale m'kalata muno simulipeza. Tikapita kumudzi ku Masoko, iwo akamabwera ndimathawira kuseri kwa nthochi, n'kunjuta, chitenje kumutu. Chithunzi chawo cha pabalaza apongozi aakazi amachitembenuza ndisanalowe.

Chimene ndimadziwa pa munthu ameneyu ndi mapazi basi, poti munthu wonjuta amaona za pansi. Chala chachikulu cha kumanzere chinakwera pa chinzake. Ndimadziwanso katsokomoledwe kawo, kamene amachenjezera nako kuti akubwera, ndipatuke. Iwonso ine sanandiyang'anepo, ndipo mawu anga sawadziwa, chifukwa pafupi ndi iwo ndimangonong'ona.

Ku ofesi kuja sankaitana maina, anatipatsa manambala. Itafika yanga ndinapumira m'mwamba, n'kulowa. Patebulo panali anthu atatu. Pakati panali mayi woyang'anira ofesi, mapepala onse ali kwa iye. Kumanja kunali mnyamata wa kompyuta, kumanzere bambo wachikulire, chipewa ataika patsogolo pake. Tebulolo analiyala nsalu yaitali yofika pansi.

Ndinachita monga munandiphunzitsira. Mayi uja ndinamugwira dzanja, mnyamata uja chimodzimodzi. Kenako ndinatambasulira dzanja bambo wachikulire uja, ndinaligwira mwamphamvu, n'kuwayang'ana m'maso osaphethira.

Dzanjalo linali lotentha ngati mphika wongophula kumene. Pachala chachikulu anamangapo kansanza konyowa, ndipo nditafinya anakwinya nkhope ngati ndawaponda. Ndinapepesa, iwo anamwetulira. Mumtima ndinati, agogo awa ndinawaonapo kuti? Nkhope yawo inali ngati ya munthu amene ndimadya naye mbale imodzi. Ndinawakonda, achimwene. Nthawi yonse imene mantha ankabwera ndinkayang'ana iwowo, iwo n'kumagwedeza mutu kundilimbitsa.

Sindinayankhepo bwino ngati tsiku limenelo. Anandipatsa kalata yoti nditaipe, ndinamaliza mnyamata uja asanamalize tiyi wake. Mayi uja anafunsa kuti mlimi akabwera atakwiya, akukalipa kuti sikelo yamubera, ndingatani. Ndinati ndiyamba ndamupatsa mpando, chifukwa munthu wokhala pansi sakalipa nthawi yaitali. Onse anaseka, ndi agogo aja omwe. Ndinaona kuti ntchito ija yayamba kundiyandikira.

Pomaliza mayi uja anatembenukira kumanzere, n'kufunsa ngati bambo a komiti ali ndi funso. Iwo anayamba atsokomola.

Achimwene, kanali katsokomoledwe kaja. Cholembera chinandipulumuka, n'kugwera pansi. Powerama kuti nditole, ndinakweza nsalu ija pang'ono. Nsapato za m'tauni zinkawathina, ndiye anali atazivula kunsi kwa tebulo. Ndinaona mapazi aja, chala chija chitakwera pa chinzake.

Sindikudziwa kuti ndinabwerera bwanji pampando. Ndinangomva mawu awo ofatsa akuti, "Mwana wanga, wayankha bwino ndithu. Kodi uli pabanja? Unakwatiwa kwa ayani?"

Ndikanayankha chiyani? Dzina la banja la amuna anga ndi dzina lawo lomwelo. Mayi uja anafunsa ngati sindinamve funso. Mnyamata uja anati, "Anzathu amaiwala pasiwedi, awa aiwala mwamuna!" N'kuyamba kuseka yekha.

Ndinatsetsereka pampando mpaka pansi. Chitenje ndinalibe, ndiye ndinavula jekete yobwereka ija n'kudzifunda kumutu. Ndinanong'ona kuti ndine mayi a Sekela.

Kenako ndinamva mpando ukukhwekhwereza, ndipo ndinaona mapazi aja akudutsa mofulumira kupita kukhomo. Anatuluka opanda nsapato, achimwene. Akuti munthu wamkulu, wa komiti, anadutsa pakati pa atsikana onse aja pakhonde ali chosavala kumapazi, chipewa ataphimba nacho kumaso.

Nditafika kunyumba ndinawauza a Lugano zonse. Anamvetsera atagwira ndodo yawo. Kenako anangoti, "Tusa, watipha."

Sipanapite nthawi, uthenga unabwera kuchokera ku Masoko woti dzanja la apongozi latupa. Dzanja lomwelo lamanja. Kutupako kunayambira pachala, tsopano akuti kwafika m'chigongono, ndipo thupi lonse likutentha, akubwebweta. Ang'ono awo a apongozi akuuza mudzi wonse kuti ine ndi amene ndachita zimenezi, kuti mtengwa akakhudza apongozi ake thupi limakana lokha. Kuchipatala akukaniza. Akuti matenda a mwambo jakisoni sawadziwa, ndiye akungowamanga masamba.

Dzulo apongozi aakazi anabwera kuno. Sanalowe m'nyumba, tiyi anakana. Anaima pakhomo n'kunena kuti Loweruka lino akuluakulu akhala pansi pa nkhani yanga. Akuti dzanjalo likapanda kuphwa, ine ndibwerera kwathu ndi chikwama changa. Ndinafunsa za Sekela. Anandiyang'ana ngati ndafunsa zopusa, n'kunena kuti ng'ombe za malowolo zinapita kwathu kalekale, mwana ndi wa kwawo. Ananenanso kuti, "Unkafuna ofesi, mwana wanga. Ofesiyo ikulera."

Atangochoka foni inalira. Anali mayi wa ku ofesi uja, akuti ntchito ija ndi yanga, ndikayambe mwezi ukubwerawu. Anatinso nsapato za bambo aja zikadali mu ofesi, ngati ndingawatengere. Ndinaseka mpaka kusekako kunasanduka kulira. Ndayenda miyezi yonseyi kufuna mawu amenewa, tsopano abwera ndilibe pakamwa powalandirira. Sindinavomere, sindinakane.

Tsopano mvetserani bwino, chifukwa apa ndi pamene ndikukufunirani. Dzanja lija linali lotentha ndisanaligwire. Kansanza kaja kanali konyowa ndi mafinya, ndipo kafungo ndinakamva. Akuti anadzicheka ndi chodulira nthambi za khofi masiku angapo m'mbuyomo. Ku Masoko akuti kabala kameneko n'kachabe, munthuyo wadzicheka moyo wake wonse osatupa. Koma iwo sanaligwire dzanjalo tsiku limenelo. Amene analigwira ndine.

Ine si dokotala, koma ndinakulira pafupi ndi inu. Ndikukumbuka munkatiuza kuti bala likatentha, kutupa n'kumakwera, munthu asagone nalo kunyumba. Ndikuopa kuti apongozi anga afa, achimwene. Akafa, mudzi wonse udzati ndawapha ine, ndipo Sekela adzakula akumva zimenezo.

Ndinayesa kuwauza a Lugano kuti akanene kwawo. Anatseka makutu. Akuti ndalakwa kokwanira, ndisayambenso kufotokoza thupi la bambo awo ngati nyama ya pamsika. Akuti akakanena kuti ndinamva kutentha kwa dzanjalo, akuluakulu adzafunsa kuti ndiye ndinaligwira nthawi yaitali bwanji. Si munthu woipa, mukuwadziwa. Mantha awagwira, ndipo ndi mwendo umenewu sangakwere phiri kukakangana ndi abambo awo aang'ono.

Choncho chimene ndikudziwa chili m'kamwa mwanga, ndipo mwambo womwewo sukundilola kuchilavula. Inu mungathe. Chimwalirireni bambo athu, amene mumaimira banja lathu ndinu, ng'ombe zija munalandira ndinu. Pabwalo lawo mawu anu ali ndi mpando, anga alibe. Ndiponso ndinu wa chipatala. Mukapita kukawazonda monga mwa ulemu, mukapempha kuona dzanjalo, palibe angakukanizeni.

Chonde musadikire Loweruka. Kwerani basi tsiku lomwelo mwalandira kalatayi. Mubwere ndi chikwama chanu cha mankhwala, ndipo mukavale malaya oyera aja, anthu a ku Masoko amaopa malayawo kuposa munthu. Akafuna mbuzi kapena ng'ombe yopepesera, muvomere, tidzaona pambuyo pake. Mwambo sindikulimbana nawo, ndinaulakwira ndithu ngakhale sindinadziwe. Ndikungopempha kuti munthuyo afike kuchipatala dzanja likadalipo.

Musati ndikukuimbani mlandu, koma munati ndigwire mwamphamvu ndinu. Mwa malangizo onse amene munandipatsa chibadwire, amenewa okha ndi amene ndinamvera bwinobwino.

Pali chinanso chimene sindinauze munthu aliyense. Chibadwire Sekela, anthu akhala akunena kuti mwanayu ndi agogo ake enieni. Ine ndinkangovomera, poti ndikanadziwa bwanji? Tsopano ndadziwa chifukwa chake nkhope ija ndinaikonda nditangolowa. Nsidze zomwezo, mpata wa mano womwewo, ngakhale kapendekedwe ka mutu pomvetsera.

M'mawa uno pomusambitsa kumaso ndinapezeka ndayang'ana kumbali, manja okha akugwira ntchito. Mwanayo anandigwira chibwano ndi timanja take tonyowa, n'kunena kuti, "Amama, mukundithawa chifukwa chiyani? Tandiyang'anani."

Ndinamuyang'ana, achimwene. Ndipo kuyambira pamenepo sindinasiye. Akamadya ndikumuyang'ana, akamasewera pakhomo ndikumuyang'ana, mpaka wayamba kudandaula kuti ndikumuchititsa manyazi. Sakudziwa kuti ndikusunga nkhopeyo, poti sindikudziwa ngati Loweruka likadutsa adzandilola kuionanso.

Mundiperekere moni kwa alamu anga ndi ana onse. Amayi ku Kyela musawauze kanthu, mtima wawo uja sungapirire. Mulungu akusungeni, akutsegulireni njira, basiyo isafe panjira.

Ndidzakhala ndikudikira pa siteji madzulo alionse, Sekela ali kumsana.

Ndine mlongo wanu,
Tusajigwe