Munda wa Amayi Walowa M'nyanja

Lamulungu, 15 Okutobala

Nyanja yalowanso m'munda wa Amayi. Cha m'ma 3 koloko masana inadutsa mzere wa akanjedza n'kukaima pamkuyu. Ndodo yanga yoyezera ikuti masentimita 34. Chaka chatha mwezi ngati uno anali 21. Ndawauza Amayi, akuti, "Sondes, ndodo yakoyo ikanakhala yobweza madzi bwenzi nditakuphera nkhuku."

Zaka zisanu ku yunivesite ku Sfax, digiri ya za nyanja, ntchito yake n'kumazika ndodo m'matope a pachilumba chathu cha Kerkennah. Kalata yopempha khoma la miyala ndinapereka kukhonsolo mu Malichi. Akuti "ikuunikidwa." Nyali yake iyenera kuti ndi yofooka.

Lachiwiri, 17 Okutobala

Ndatenga mapu anga kupita nawo kwa a Lotfi, kumene amuna onse amamwera khofi ndi kukonzera dziko. Ndimafuna ndiwaopseze kuti asaine kalata yachiwiri. Ndinawaonetsa pamene gombe lili lero ndi pamene lidzakhale zaka khumi zikubwerazi. Ena kuyasamula, ena kufunsa ngati ndapeza mwamuna.

Amene anachita chidwi ndi mmodzi yekha: bambo aang'ono a Mouldi, mng'ono wa malemu Bambo. Anavala magalasi.

"Kobiriwiraku ndi madzi?"

"Madzi, bambo."

"Mpaka apa? Munda wonse wa mayi ako?"

"Wonse."

"Zikomo, a Pulofesa. Sukulu ndi yabwino." Apempha mapu awoawo. Ndawapatsa, mtima uli mbee, kuti ndatembenuzako munthu mmodzi.

Lachinayi, 19 Okutobala

Chitsiru ndine.

A Mouldi abwera m'mawa ndi chitini cha mabisiketi, m'katimo chikalata cha Agogo. Pogawa chuma, Agogo anapatsa Bambo munda, a Mouldi anawapatsa chigawo cha nyanja choyang'anizana ndi mundawo, choti azizikamo mpanda wawo wa nsomba. Anzanga a ku Tunis ankaseka ndikawauza kuti kwathu munthu amakhala ndi nyanja yakeyake, ya chidindo. Chikalatacho chikuti nyanja ya a Mouldi imayambira pamwala wakuda n'kulekeza pagombe.

"Gombe lasuntha, alamu," akuuza Amayi, mapu anga ali pabondo. "Sindinalisunthe ndine. N'chifuniro cha Mulungu, ndipo mwana wanu yemwe walemba umboni."

Akuti mwezi ukakhala wathunthu adzazika masamba a kanjedza kumunsi kwa munda, kumene madzi sakuphweranso. Chaka chamawa adzakwera pang'ono. Sakufuna kutipanikiza, akuti, azingotsatira madzi. Ulemu wake!

Ine ndinayamba kulalata za malamulo. Amayi anangowathirira tiyi wachiwiri. Mundawo ndi chokhacho Bambo anawasiyira m'dzina lawo.

Lachisanu, 20 Okutobala

Wolemba zikalata akuti nkhani yotere sanaionepo. Wapempha mapu nayenso. Mlamu wake ali ndi munda kugombe.

Lolemba, 23 Okutobala

Ndati tipite kukhoti. Amayi: "Ndikasumire mng'ono wa mwamuna wanga, pa Idi ndidzadye ndi loya?" Ndati ndiye tingowapatsa mundawo titaukulunga m'nsalu. Andipatsa chikwakwa, akuti ndikadule masamba a akanjedza akumunsi aja, okhawo auma ndi mchere.

Tsiku lonse. Manja onse minga. Digiri sinathandize.

Lachinayi, 26 Okutobala

Madzi ataphwa m'mawa, Amayi alowa m'matope ndi a Jannet oyandikana nawo nyumba, madiresi atakwinyira m'chiuno. Akuzika mpanda wa nsomba. M'munda. Mwawo.

Lingaliro labwino, ndavomera, koma kazikidwe kake! Mwana aliyense pachilumba pano amadziwa kuti kukamwa kwa mpanda kumayang'ana kumtunda, kuti madzi akamabwerera nsomba zitsate masamba mpaka kukagwera m'mono. Iwo kukamwa alozetsa kunyanja. Mizere yokhotakhota ngati njira ya woledzera. Mipata yoti bulu n'kudutsa.

"Amayi, mwatembenuza."

"Ndakufunsa?"

"Bambo anu anali msodzi, mukudziwa bwino kuti..."

"Bweretsa masamba, a Pulofesa."

Nawonso ayamba kunditchula choncho. Ndikapeza ntchito ngakhale kuchipululu ndipita.

Loweruka, 28 Okutobala

Ndilembe bwinobwino, mwina ndidzamvetsa.

Cha m'ma 9 amuna a kwa a Lotfi anali atatsika kale ndi makapu awo kudzaonera mpanda wa Amayi. Kuseka mpaka kutsokomola. Wina akuti nsomba zipempha mapu kuti zipeze polowera. Kenako a Mouldi atulukira ndi ngolo yodzaza masamba awo, okonzeka kutenga nyanja yawo. Anaima. Anayang'ana. Nkhope inachita ngati alawa mafuta owola.

Munthu ameneyu zaka makumi anayi wakhala akudzitama kuti mipanda ya banja lathu ndiyo yowongoka pachilumba chonse.

"Mouldi," a Lotfi akukuwa, "kodi awa ndiwo mazikidwe a kwanu? Bambo ako anaphunzitsa chonchi?"

"Mbarka!" A Mouldi anaitana Amayi ndi dzina, kuiwala ndi zoti alamu. "N'chiyani chimenechi?"

"Mpanda," Amayi akutero, nkhope yozizira. "Ndine mkazi wamasiye, ndazika mmene ndathera."

"Mwauzika chagada! Mukufuna kugwira chiyani, mphepo?"

Anavula nsapato. Ndinaona ndi maso angawa. Analowa m'matope akutukwana, kuzula tsamba, kuzika, kuzula, kuzika. Masamba a Amayi atatha anakuwira anthu kuti atsitse a m'ngolo. Amuna anayi anasiya makapu n'kulowa nawo, poti mpanda sazika munthu mmodzi anzake akuonerera.

"Onani, alamu," a Mouldi akuuza Amayi, "mpanda wanuwu uziyambira apa. Mono wanu ukhale uko, kozama."

"Ee, alamu. Mono wanga uko."

Madzi asanabwerere anali atamaliza. Wowongoka ngati wojambula ndi lula. Pomwepo a Jannet atulukira ndi mbale yaikulu ya kusikusi, chakudya chathu cha tirigu, imene inali pamoto chiyambire m'bandakucha. Mwini mpanda ndiye amadyetsa ozika, aliyense amadziwa. Amayi anaika mbaleyo pansi pa mkuyu n'kupereka supuni yoyamba kwa a Mouldi, anthu onse akuona.

Anaigwira supuniyo nthawi yaitali. Anayang'ana mpanda, ngolo yopanda kanthu, a Lotfi amene anali akulimbana ndi chiseko.

"Mbarka, ndinu njoka."

"Idyani, alamu, chizizira."

Anadya. Anawonjezeranso.

Ine wa digiri ndinatha masiku awiri ndikufotokozera mayi anga mmene madzi amayendera.

Lolemba, 30 Okutobala

Takavuula mono m'mawa, ine ndi Amayi. Madzi m'mawondo. Nsomba zisanu ndi nkhanu imodzi yolusa. Ndinayamba kuseka, ndimati tikawaonetse a kwa a Lotfi.

Amayi sanaseke. Anaima ndi monowo m'manja akuyang'ana pansi, pamene zala zawo zinazimirira m'matope.

"Pano m'pamene bambo ako ankayambira kufesa," anatero. "Mzere woyamba."

Tinabwerera kunyumba. Pakhomo anasankha nsomba ziwiri zazikulu kuti ndikapereke kwa bambo aang'ono. Ndikutuluka anandiitananso. Anali atakoka thumba la balere wambewu, limene amasunga kuseri kwa chitseko kudikira mvula ya Novembala.

"Ukamabwerera udzere kuchigayo."