Zimene Zinalankhulidwa Kumpando Wakumbuyo

Lachiwiri, pa 10 Juni

Wokondedwa mlongo wanga,

Ndikhulupirira kuti uli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tadzuka, kupatula mwendo wa alamu ako umene umavuta kukazizira.

Dzulo anandiitana m'chipinda cha misonkhano cha pamwamba, momwe ndinkangolowamo kukasiya chikwama cha bwana. Munali mkulu woona za antchito, loya wa banki ndi mlembi wa bwana. Bwana eni ake sanabwere. Atandipatsa mpando ndi madzi, ndinadziwa kuti zinthu sizili bwino.

Nkhani ndi ija inatuluka m'nyuzipepala yako pa 1 Juni, yoti bwana wamkulu akusiya banki yathu kukatsogolera banki ina kunja, akuluakulu a bodi asanauzidwe. Loya anati chinsinsichi chinkadziwika ndi anthu anayi okha, ndipo bwana anachilankhula pafoni pa 14 Meyi, ine ndikuwayendetsa kuchokera kubwalo la ndege. Anandifunsa ngati ndinamva. Ndinati ndinamva, khutu lilibe chitseko. Kenako anafunsa kuti mkonzi wamkulu wa nyuzipepalayo ndi ndani wanga.

Ankadziwa kale. Bwana omwewo ankanyadira kwa alendo awo kuti dalaivala wawo ndi mlongo wake wa mkonzi, amvekere azisamala pakamwa. Aliyense ankaseka, inenso ndinkaseka. Ndawayendetsa kuyambira ali manijala wa nthambi, akukhala nane kutsogolo n'kumandigawira mtedza, mpaka anasamukira kumpando wakumbuyo. Lero tikakumana pakhomo amayang'ana foni.

Iwe ukudziwa kuti sindinakuuze kanthu. Pa 18 Meyi tinakambirana za denga la nyumba ya amayi basi.

Makiyi a galimoto andilanda. Mlandu adzaugamula Lolemba pa 23 Juni. Akandipeza wolakwa, andichotsa popanda ndalama zopumira pantchito, pamene tsiku langa lopuma pantchito linali loti lifike pa 31 Januwale chaka chamawa. Akuti ndikavomera n'kusiya ndekha andipatsa theka. Koma ndivomere chiyani? Potuluka, loya ananditsatira mpaka pa chikepe nati, "Bambo, mzere umodzi wochokera kwa mkonzi, wonena kuti si inu, ungatseke nkhani yonseyi."

Sindinaiwale zimene unandiyankha Lachisanu, nditakuimbira manong'onong'o atayamba. Unati pantchito yanu simutchula amene wakuuzani, ndiponso simutchula amene sanakuuzeni, chifukwa ukachotsa mmodzi otsalawo amachepa, ndiye ofufuza amabweranso mpaka patsale mwini wake. Unati lamulo limeneli ndi limene lakufikitsa pampando uli, ndipo unakana kuliphwanya ngakhale pamaso pa woweruza. Ine ndinamva. Alamu ako sanamve. Akuti lamulo lotere analilemba munthu wobadwa yekha m'mimba mwa amake. Ndinawaletsa, koma pamtima sindinawatsutse kwenikweni.

Sindikuchitira nsanje, mlongo wanga. Tsiku limene unakwezedwa ndinagula nyuzipepala ziwiri, ina yowerenga, ina yosunga. Dzina la munthu amene anakuululirani nkhaniyo sindikulifuna. Nayenso ali ndi ana, ndipo mwina ndimamupatsa moni m'mawa uliwonse. Ndikudziwanso kuti ukandipulumutsa ine, ukhala utamuyandikizira moto iyeyo. Komabe ndikupempha mzere umodzi uja, poti ndilibe kwina kolowera.

Ngati sungathe, usatume mlembi wako kuti andiyankhe. Undiuze wekha pasanafike pa 23, kuti ndikaime pamaso pawo ndikudziwa kuti ndili ndekha. Amayi sindinawauze, ndipo iwenso usawauze mpaka zigamulidwe.

Undiperekere moni kwa alamu ndi ana onse. Mulungu akusunge, ndipo akupatse nzeru pa chimene usankhe.

Ndine mlongo wako,
Woyamba kubadwa