Mutu wa munthu wa pachipata

Lamulungu, 5 Okutobala
Tidakali kukumba zakale pachipata cha linga, m'kachipinda ka alonda, momwe denga linagwa kalekale. Ine kusefa dothi tsiku lonse. Nsonga za mivi, makala, mapale. Mphepo ikamalowa pakabowo koponyera mivi imamveka ngati munthu wa chifuwa.

Lachiwiri, 7 Okutobala
Pansi pa miyala, mafupa a munthu. Ndawapeza ndekha, anzanga ali ku tiyi. Thupi lophwanyika, nkhope yoloza kumwamba. M'mudzi mwathu wosambitsa maliro ndine. Manja achita okha: ndatembenuza chigaza kuti chiyang'ane ku Maka, monga ndichitira Msilamu aliyense. Kenako ndaitana a Dokotala Rudaina, otiyang'anira. Ajambula. Lamulo lawo n'limodzi, osakhudza kanthu asanajambule. Ndabwerera pa sefa osawauza za mutuwo.

Lachitatu, 8 Okutobala
Jiryis wa wilibala, Mkhristu, mnzanga kuyambira ubwana, kwa ine: "Abu Mifleh, kasitomala wanuyu wachedwa kwambiri. Mumusambitsa ndi bulashi?" Onse kuseka. Kenako: "Chipatachi anamanga ankhondo a mtanda, anzanu Asilamu n'kudzalanda. Mwina ndi msuweni wanga ameneyu."


Lamulungu, 12 Okutobala
A Shehe aona chithunzi. "Wayang'ana koyenera, ndi wathu." Akuluakulu alola kuti akamaliza kumuyeza timuike m'manda athu Lachisanu. Womukulunga mu nsanda, ine.
Ndikamasefa ndimamva ngati wina waima pakhomo kumbuyo kwanga. Kucheuka, fumbi basi.

Lolemba, 13 Okutobala
Ndinapita kutenti ya a Dokotala kuti ndinene za mutu uja. Poyamba ndinangofunsa kuti akanakhala wosadziwika chipembedzo akanapita kuti. "M'katoni, bambo, kosungira zinthu ku Amman. Aliko ambiri." Ndinathokoza n'kutuluka.
Ndikanena, katoni. Ndikapanda kunena, mwina Mkhristu agona pakati pa Asilamu mpaka tsiku lachiweruzo, atayang'ana komwe sanasankhe.
Mkazi wanga: "Manjawo muwasupula khungu, mwasambanso?"

Lachitatu, 15 Okutobala
Nsanda ndadula, ndaipinda bwino. Dzenje akumba mawa, pafupi ndi manda a bambo anga.
Pepani pokuvutitsani, inu a pachipata. Sindikudziwa dzina lanu, kapena ngati munkalondera khomolo kapena munkalithyola. Anthu onse amene ndasambitsa ndinkawadziwa, ndi amayi awo omwe. Mutu wanu ndinautembenuza ndine. Mwala ndi umene unakugonekani chagada, kapena anzanu? Sindine wophunzira, m'mafupa sindiwerengamo kanthu. Ngati ndinu amene mumaima pakhomo paja, musangoima. Mawa ndikhala pa sefa, sindicheuka. Mundiuze ngati ndinene kapena ndikuikeni, koma chonde isanakwane swala, pemphero la masana a Lachisanu, chifukwa tikakwirira sindidzathanso kukufunsani.